Mwana amene ndinamudula mu vidiyo

Ndimaphunzitsa giredi 5 pasukulu ina ku Chawama. Chaka chatha ndinali nditangophunzira kudula mavidiyo pa laputopu, ndipo ndinkadzimva ukatswiri. Ndinajambula ana akulakatula ndakatulo yoti makolo adzaonere tsiku lotsekera sukulu, koma Tiyanjane, mtsikana amene anaima kumapeto kwa mzere, anangokhalira kutsokomola. Zinandinyansa. Ndinadula chithunzi mbali yakeyo mpaka iye osaonekanso, ndinatsitsa mawu paliponse pamene anatsokomola, kenako vidiyo yoyambayo ndinaifufuta.

Patatha milungu itatu, Tiyanjane anamwalira.

Amayi ake anandipeza m'kalasi masana, ana ataweruka.

"Ba Ticha, tilibe chithunzi choika pa pulogalamu ya maliro. Tiyanjane anakamba ati munabakopa vidiyo, munabajambula bonse."

"Tsiku lija sanabwere," ndinatero, munthu wamkulu ndi tayi pakhosi.

Anapempha kuti aionerebe. Ndinaitsegula. Ana analakatula bwinobwino, mzere ukuthera pa mnzake wa Tiyanjane. Ndakatulo itatha, pamalo pamene ndikulumbira kuti ndinatsitsa mawu, panamveka kutsokomola kawiri, kouma, pafupi kwambiri, ngati mwanayo waima kumbuyo kwanga.

Mayiwo sanandiyang'ane. Anasisita ndi chala m'mphepete mwa sikirini, pomwe ndinadula paja.

"Ni eve uyo," anatero, kutanthauza mwana wawo. "Bwezani futi."

Ndinabweza kasanu. Mpaka kutuluka pakhomo, sanandifunse kuti zatheka bwanji mwana amene sanabwere kusukulu kutsokomola m'kalasi mwanga.