Maliro a Che Kalimu, Eni Ake Ali Moyo

Aliyense amene anakulira mbali yathu ino ya Chimwankhunda anawolotsedwapo msewu ndi Che Kalimu. Ine anandiwolotsa zaka zisanu ndi zitatu, kuyambira sitandade wani mpaka eyiti. Dzina langa ndine Joan. Ndinawalakwira bambo amenewa, ndipo anthu ambiri akudziwa theka chabe la nkhaniyi.

Kwawo ndi ku Chiradzulu. Anabwera ku Limbe ndevu zisanamere, nalembedwa ntchito pa shopu ya holoselo ya a Jayant. Ntchito yawo inali yoperekera katundu pa njinga yakapalasa: makatoni a sopo, mabelo a shuga, kupita nazo ku magolosale a ku Bangwe, Ndirande, mpaka ku Zingwangwa. Anapalasa choncho zaka makumi awiri ndi zisanu. Amasimba kuti kalelo msewu unali wa tonse, koma matipate atabwera, maminibasi atachuluka, wa njinga anasanduka nkhuku, yongoyenera kuthawa ikamva hutala.

Mu 2008 minibasi ina yothamangira anthu pa siteji inawakankhira m'ngalande cha ku Chichiri. Mwendo wakumanzere unathyoka pawiri. Anatuluka m'chipatala akutsimphina, ntchito yonyamula katundu n'kuthera pomwepo. A Jayant anawasiyira njinga ija ndi bokosi la masipanala, iwo n'kumanga kashedi ka malata m'mbali mwa msewu wathu. Pamenepo amamata machubu, kuwongola marimu ndi kumanga masipoko.

Msewu umenewu ndi wotsetsereka, ndipo kumtunda kuli kona. Mulibe poyenda anthu apansi, mulibe mahampu, mizere yoyera inafufutika ine ndisanabadwe. Sukulu ya pulayimale ili tsidya linalo. M'mawa wina Che Kalimu anaona kamtsikana kataima m'mphepete nthawi yaitali, kakulira, kakuopa kuwoloka. Anatenga kansalu kofiira kamene ankapukutira girisi, n'kukamangirira ku nsungwi, n'kulowa pakati pa msewu ndi mwendo wawo uja. Kuyambira tsiku limenelo, hafu sikisi iliyonse ankakhala pamenepo. Palibe anawalemba ntchitoyo.

Madalaivala ankawanyoza, makamaka Paston, woyendetsa minibasi ya ku Limbe.

"Madala, chokani pamsewu! Tikupondani mwendo winawo!"

"Ponda mwana wanga," iwo ankayankha, "mwina ungalingane ndi unzakewu."

Nditalemba mayeso a folomu 4 ndinalibe chochita. Che Kalimu ankandipempha kuti ndiziwalembera makalata opita kwa akuluakulu opempha mahampu, poti amati ndimalemba mooneka bwino. Tinalemba asanu. Yankho silinabwere. Iwo ankangoti tidikire, koma ine kudikira kunkandiyabwa. Ndinkafuna kuchita chinthu choti anthu aone, anene kuti mtsikana uja ali ndi mutu.

Nzeru inandibwerera ndikuchokera ku maliro ku Zingwangwa. Tonse tikudziwa zimene masamba amachita akagona pamsewu. Dalaivala, ngakhale wamwano, amachepetsa liwiro. Kondakitala amazimitsa wailesi. Wa njinga amatsika n'kuyenda pansi. Ndinati, chimene makalata asanu alephera, nthambi za mango zichita.

Lolemba m'mamawa ndinathyola nthambi kuseri kwa nyumba yathu. Mzere umodzi ndinayala kumtunda pa kona, wina kumunsi pa kamlatho. Abale, zinatheka! Magalimoto ankadutsa ngati akuyenda pa mazira. Ana anawoloka akucheza. Ndinajambula zonse pa foni, Che Kalimu ali pakati ndi kansalu kawo, masamba uku ndi uku.

Ana atatha kuwoloka, iwo anayamba kufunsa anthu kuti watisiya ndani. Palibe ankadziwa. Kenako anandiyang'ana manja.

"Joan, tabwera. Utomoni wa mango umenewo?"

"Koma mwaona mmene zayendera, agogo? Ngakhale Paston sanaimbe hutala!"

"Ndaona. Inenso ndapempherera munthu amene kulibe." Analoza nthambi zija. "Masamba amenewa si ako, si anga. Ndi a anthu olira. Kachotse, ndipo usadzabwerezenso."

Ndinachotsa. Koma vidiyo ija ndinali nditatumiza kale pa gulu la WhatsApp la anzanga a kusekondale, nditalemba kuti "Nzeru za ku Chimwankhunda." Anandiyamikira tsiku lonse. Wina anati ndine dolo, wina anati nkhaniyi ikuyenera kumveka pa wailesi. Mawu a Che Kalimu anapepuka m'mutu mwanga. Lachitatu ndinakayalanso masamba.

Chimene sindinadziwe n'chakuti m'bandakucha wa tsikulo iwo anali atatenga akazi awo, mayi Sabiha, kupita nawo kuchipatala chifukwa shuga wa mayiwo anali atakwera. Kwa nthawi yoyamba pa tsiku la sukulu, kashedi kanali kotseka. Taganizani mmene zinaonekera: masamba kumtunda, masamba kumunsi, pakati kashedi kotseka, ana ataunjikana m'mphepete opanda wowawolotsa.

Paston ataona zimenezo sanafunse munthu. Atafika ku Limbe anasiya minibasi pa siteji, n'kupita pa shopu ya nsalu pamene amagwira ntchito Esha, mwana wamkazi wa Che Kalimu. "Pepani chemwali," anatero, chipewa chili m'manja, "madala atisiya."

Che Kalimu ndi Msilamu, ndipo Asilamu sagoneka maliro. Ukamva uthenga umasiya chimene wagwira, apo ayi upeza ataika kale. Pofika teni koloko amuna a kumzikiti anali atadzaza pakhomo pa Che Kalimu, kuseri kwa kashedi kaja. Ena anatseka mabenchi awo mumsika. Vishal, mwana wa a Jayant, anabwera ndi nsalu yoyera. Nyumba inali yokhoma, ndiye anthu anangoti thupi lili kuchipatala. Esha anatsika minibasi opanda nsapato, akulira mofuula kuti "Ababa! Ababa ine!"

Ine ndinali pomwepo, kuseri kwa kiyosiki ya madzi, foni ili m'manja. Ndikanatha kuthamanga n'kunena kuti kulibe maliro. Miyendo inakana, ndipo ndinailola kuti ikane.

Cha m'ma leveni Che Kalimu anatulukira pa kona akukankha njinga, mayi Sabiha atakhala pakaliyala. Azimayi ena anathawa akukuwa. Mayi Sabiha ataona khamu pakhomo pawo, atamva mwana wawo akulira bambo ake, anagwa pansi. Anabwerera kuchipatala pa galimoto ya Vishal, ndipo anagonekedwa masiku anayi.

Funso linali limodzi: anayala masamba ndani? Dera lonse linkadziwa kuti Che Kalimu ndi amene ankalirira mahampu. Ndiye vidiyo yanga ija, itadutsa mafoni ambirimbiri dzina langa litagwa m'njira, inafika kwa makolo. Munali iwo, atatukula kansalu pakati pa masamba abodza. Umboni unakwana. Ena anati munthu wamkulu sasewera ndi maliro. Ena anafika poti akuitana imfa, akufuna kukhwimira bizinesi ndi ana a eni.

Komiti ya makolo inawaitana. Amayi anga analipo, ndipo anandisimbira madzulo ake akusenda mbatata, osadziwa kuti akusimbira ndani.

"Anawafunsa kuti munayala ndinu? Iwo akuti ayi. Nanga ndani? Akuti mwini wake ali ndi pakamwa, adzanena yekha. Waona kuuma mtima kwake?"

Komiti ija inawaletsa Che Kalimu kuwolotsa ana.

Masabata atatu ana ankawoloka okha, akuthamanga m'timagulu. Che Kalimu ankatsegula kashedi n'kukhala chofulatira msewu, akupala chubu. Makasitomala anachepa. Ine ndinkazungulira njira ya kuseri kuti ndisakumane nawo. Ndinafufuta vidiyo ija m'foni mwanga, ngati kuti zimenezo zikanaichotsa m'mafoni a ena.

Lachisanu lina njinga yamoto ya kabaza inakhudza kamtsikana ka sitandade thu, n'kukagwetsera m'mphepete. Sikanavulale kwambiri, kanangonyuka bondo. Koma ndinaona Che Kalimu atadzambatuka, n'kufika pamphepete penipeni pa tala. Amayi ena anawayang'ana. Iwo anabwerera pampando wawo pang'onopang'ono. Madzulo a tsiku lomwelo ndinapita kukagwada pa kashedi.

"Agogo, ndine ndinayala."

"Ndikudziwa."

"Nanga bwanji simunanditchule?"

"Ndikanakutchula tsiku lija, anthu atakwiya choncho, ukanagona m'dera lino? Ine ndakalamba, manyazi sandilemera kwambiri." Anapopa tayala kawiri katatu. "Koma kwa ine wabwera pachabe. Amene unamuliritsa ndi Esha."

Esha sanandilalatire, ndipo bola akanatero. Anandimvetsera ataima pakhomo, manja atapinda. "Ndinayenda kuchokera pa shopu mpaka pa siteji ndikudziwa kuti ndilibe bambo," anatero. "Ola lathunthu ndinali wamasiye. Sindikudziwa ngati ungandibwezere limenelo. Pita ukanene kumene anawanyozera."

Loweruka kunali msonkhano wa makolo pansi pa mtengo kusukulu. Ndinaimirira n'kunena zonse: nthambi, vidiyo, ndiponso kuti iwo anandiletsa koma ine sindinamve. Amayi anga anafunda chitenje kumaso. Bambo wina kumbuyo anati, "Mkulu uja wamutuma mwanayu kuti asenze mlandu." Ena anavomera. Wapampando anati chiletso chachotsedwa, n'kupita pa nkhani ya zimbudzi. Palibe ananena mawu oti pepani.

Lolemba hafu sikisi Che Kalimu anaima pamalo pawo. Ana asanu ndi anayi okha ndi amene anabwera kwa iwo. Kale ankawolotsa oposa zana. Enawo amayi awo anawauza kuti azikawolokera kumunsi pa kamlatho, kutali ndi "mkulu wa masamba uja". Pamenepo ndi poipa kuposa pena paliponse, chifukwa dalaivala wochokera kumtunda amafikapo liwiro litakwana, ndipo udzu wa m'ngalande umabisa mwana wamfupi. Iwo amawolotsa asanu ndi anayi awo, maso ali kumunsi.

Papita mwezi tsopano, ndipo ana amene akuwawolotsa afika khumi ndi anayi. Ndayenda makomo ambiri kufotokoza, ena amandimvera, ena amanditsekera chitseko ndisanamalize moni. Inu makolo a kumunsi kwa msika, ngati pepala ili lakufikani m'manja, tukwanani ine, ndilandira. Koma mawa m'mawa muuzeni mwana wanu asakawolokere pa kamlatho. Akwere pang'ono, mpaka pa kashedi.