Anangula a Oddvar

Oddvar Haugsnes ndinagwira naye ntchito padoko lathu kuyambira tili anyamata. Tinkaumba miyendo ya konkire ya nsanja zopopera mafuta m'nyanja. Ntchitoyo itatha ambiri anasamuka, koma iye anatsala, n'kumakonza masitepe a nyumba za anthu. Fumbi la simenti linali litamukhazikika kale m'chifuwa.

Imvi zitamera, kunabwera ntchito youmba anangula omangirirapo makina amagetsi a mphepo, aja oyandama pakati pa nyanja. Nangula mmodzi kukula ngati nyumba. Konkire yake inali yachilendo, ya simenti yochepa kuti utsi wa kufakitale uchepe, ndipo inkachedwa kuuma. Kukazizira, Oddvar ankaifunditsa malona ngati wodwala. Anayambanso kuimba likhweru pantchito.

Chovuta chinali malo. Anangulawo anali oti akamizidwe pomwe mng'ono wake Steinar ankaponya maukonde, pomwenso bambo awo ankasodza. Tsiku lina Steinar anatipeza tikumwa khofi pageti.

"Achimwene, chimwala mukuumbacho n'cha pamanda panga," anatero.

"Iwe, nsomba zinakuthawa kalekale," Oddvar anayankha. "Usanamizire ine."

"Bambo akanakulavulirani."

"Bambo ankadya za m'thumba mwanga, iwe ukuwedza ndere."

Sindinawaonenso akupatsana moni. Akakumana kusitolo, wina ankatembenuka n'kumayang'ana mashelefu a buledi.

Chifuwa chinakula nangula womaliza asanaume. Oddvar anagonekedwa m'chipatala, timachubu ta mpweya tili m'mphuno. Ndinali pambali pa bedi lake pamene Steinar analowa, atanyamula mbale ya nsomba yowiritsa ndi mbatata. Anaima pakhomo, chipewa chili m'khwapa.

"Khala pansi, ukutchinga mpweya," Oddvar anatero. Ananunkhiza mbaleyo. "Waigwira kuti?"

"Ndagula kusitolo. Boti ndinagulitsa."

Oddvar anafuna kuseka, koma chinatuluka ndi chifuwa. Chitaleka anayang'ana kudenga.

"Sindimadziwa," anatero.

"Idyani, ikuzizira."

Sanathe kumeza. Steinar anamupukuta pakamwa, n'kukhala naye mpaka anamwino atamuuza kuti nthawi yatha. Mawa lake anabweranso, mkuja chimodzimodzi.

Oddvar anamwalira chisanu chisanathe. Anangula ananyamuka m'chilimwe, tawuni yonse itadzaza padoko, ana asukulu akukupiza timbendera. Steinar sanabwere. Anali kunyumba kwa mlamu wake, mkazi wamasiye wa Oddvar, akumuwazira nkhuni.