Chilimwe Chimene Amalume Ankajambula Makoma

Amalume anali ndi kachikatoni kamene anadula pa bokosi la phala la ana, n'kuboola windo pakati pake. Kankakhala m'thumba la shati. Akaona chinthu chowagwira mtima ankakatulutsa, n'kutsinzina diso limodzi, n'kusuzumira dziko kudzera pa windopo. Ndi kachikatoni kameneka anayang'ana mtsinje wa ku South Bend, mpanda wa waya, galu wa aneba ndi chidebe cha zinyalala. Ine anandilozetsa nako kamodzi kokha m'chilimwe chonsecho. Ndinakonza kolala, n'kumwetulira mpaka mano a m'mbali kuonekera. Iwo anati, "Tasuntha." Kumbuyo kwanga kunali khoma, ndipo ankafuna khomalo.

Ndinali ndi zaka khumi. Tinkakhala ku Indianapolis, kufupi ndi Lafayette Road. Amayi ankagwira ntchito kosamalira okalamba, bambo ankayendetsa thiraki ndipo ankaoneka pakhomo ngati mwezi. Sukulu itatsekera, amayi anati sangasiye ana awiri akuleredwa ndi TV, choncho anatikweza galimoto n'kutidutsitsa m'minda ya chimanga yosatha ija mpaka ku South Bend, kwa mchimwene wawo wamng'ono.

Ana awiriwo tinali ine ndi msuweni wanga, mwana wa azakhali, yemwe anali atangobwera kumene kuchokera ku Malawi kudzaphunzira. Azakhaliwo anatsala kumudzi. Pano ndiyenera kunena chinthu chimodzi momveka, poti nthawi imeneyo palibe ankafuna kuchimva: amalumewa sanali ake. Anali mchimwene wa amayi anga. Iye anangowabwereka, monga anabwerekera bedi langa la m'munsi ndi jekete langa lofiira. Asanabwere, amalume ankanditchula kuti "abwana," ndipo ndikalankhula ankasiya kutafuna.

Amalume anabwera ku America kudzaphunzira za mankhwala. Chaka china anatenga kalasi imodzi ya mafilimu yongodzazira, ndipo mphunzitsi anawaonetsa kanema wa mkulu wina wa ku Italy, wa makedzana, wopanda mitundu. Sanachirenso. Amayi amati matenda ena amatengedwa m'kalasi. Dzina la mkuluyo sankalitchula, ankangoti "madala," ngati kuti anasamba mtsinje umodzi. Masana aliwonse akaweruka ankabwera ndi DVD ya ku laibulale, n'kutseka makatani a kanyumba kawo kapansi komwe kankanunkha chinyezi ndi anyezi, n'kutikhazika pa kapeti.

Ine ndinakulira pa makatuni, momwe munthu amagwa m'phompho n'kudzuka nthawi yomweyo. Kwa madala kunalibe kugwa. M'filimumo mayi wina ankatuluka m'chipinda, kamera n'kutsala. Inkangoyang'ana chitseko, mpando, kuwala kwa dzuwa pa simenti. Tsiku lina ndinapita kubafa, ndinadya, ndinakula pang'ono, pobwera ndinapeza chitseko chomwecho. Mulungu ndi mboni, nsapato zinayamba kundithina filimuyo isanathe. Anthu ake anali okongola, ovala bwino, koma ankaima motalikirana ngati akwiyirana pa maliro, ndipo pakati pawo nthawi zonse pankakhala chipilala, mtengo wa magetsi kapena msewu wopanda munthu.

"Amenyana liti?" ndinkafunsa.

"Akumenyana kale," amalume ankatero. "Taona khoma."

Msuweni wanga sankafunsa kanthu. Ankakhala mwakachetechete, miyendo atapinda, manja pa maondo, monga anaphunzitsidwira kumudzi. Ndinkaganiza kuti ndi ulemu chabe, mpaka tsiku limene amalume anaimitsa filimu. Pa TV panali mayi ataima kumapeto kwenikweni kwa chithunzi, pafupi kugwera kunja, ndipo mbali yonse yotsala inali khoma loyera lopanda kanthu. Anatifunsa kuti khomalo n'lachiyani. Ine ndinayankha msanga, m'Chingerezi, kuti ndi lotchinga mphepo. Msuweni wanga anayang'ana pansi n'kunena motsitsa, "Ndi pamene pakanaima munthu wina."

Amalume anaika rimoti pansi pang'onopang'ono ngati dzira. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Abwana, mwaona."

Abwana. Pamaso panga.

Kuyambira tsiku limenelo ndinalowa ntchito ya chisoni. Ndinaona kuti kwa madala amapambana ndi amene sakuseka, ndiye ndinasiya kuseka. Ndinkaima pa windo osaphethira. Ndinkayankha mafunso mochedwa. Kochapira zovala ndinatsamira khoma n'kuyang'ana kutali mpaka mayi wina wachizungu anabwera kudzandifunsa ngati ndasochera, n'kundipatsa switi. Tsiku lina kuseri kwa fakitale yakale ya mawindo osweka, kumene amalume ankakonda kutitengera ndi kamera yobwereka kusukulu, ndinaima chilili mpaka kangaude anamanga nyumba kuyambira pa khutu langa kukafika pa phewa, n'kubereka ana. Wokayika akafunse kangaudeyo. Amalume anandiyang'ana n'kunena, "Iwe, m'mimba mwayambanso?" Kenako anatembenukira kwa msuweni wanga, yemwe ankangotola timiyala osadziwa n'komwe kuti kuli kamera, n'kumujambula mpaka batire kutha.

Lero ndine wamkulu, ndipo mafilimu a madala ndinawaonera onse, ena kangapo, mwa kufuna kwanga. Ndikuvomereza, ngakhale zikundiwawa, kuti mkuluyo ankaona. Sakukakamiza kumvera munthu chisoni ndi nyimbo kapena misozi. Amangomuika penapake, pafupi ndi chinthu chachikulu chosalankhula, n'kukusiya uyeze wekha mtunda. Amadikira mpaka nkhope itatopa kunama. Anthu akachoka amatsalira dala, chifukwa chipinda chimene mwangotuluka munthu sichifanana ndi chipinda wamba. Zonsezi ndikuzidziwa tsopano. Koma ndikaona mtsikana ataikidwa bwino pakona pa chithunzi, mumtima mumabwerabe kafunso kakale: bwanji iyeyo?

Chakumapeto kwa Julaye kunali ukwati ku Indianapolis, wa namwino wina wa kutchalitchi kwathu, choncho tonse tinabwerera kwathu. Amayi a komiti yokonza ukwatiwo anamva kuti amalume ali ndi kamera ndipo "akuphunzira za mafilimu," basi nkhani inatha. Tsono muyenera kudziwa chimene kanema wa ukwati anali kwa ife. Sanali wosangalatsa anthu a kuno, amene anadya kale mpungawo. Anali wopita kumudzi, m'sutikesi ya aliyense amene akukwera ndege, ndipo kumeneko mtundu wonse unkasonkhana kudzafufuza: ndani wanenepa, ndani waonda, chitenje chinakhala bwanji, mwana wa uje akukula kapena ayi. Ankaimitsa pa nkhope iliyonse n'kuikambirana. Amayi anga anawagwira amalume pa mkono n'kuwauza mawu atatu okha: "Ujambule nkhope, wamva?" Amalume anagwedeza mutu, koma maso awo anali kale pa denga la holo.

Ine ndinali m'gulu la ana ovina kutsogolo kwa mkwatibwi. Tinayeserera masitepe m'galaja ya anthu ena ku Beech Grove mpaka thukuta kuyenderera m'masokosi. Ndinaona kuti mwayi wanga ndi uwu. Chisoni chinandikanika, koma kuvina ayi, ndipo msuweni wanga sanasankhidwe poti anabwera mochedwa. Pa tsikulo ndinavina ngati ndalumidwa ndi linthumbu. Kulikonse kumene kamera yaloza, ine ndinali nditafika kale. Ndinadutsa pansi pa matebulo, ndinakankha mwana wonyamula mphete. Ndikulumbira, nthawi ina ndinavina mbali ziwiri za holo nthawi imodzi, ndipo alipo anthu amene anandiona konseko.

Patapita milungu iwiri, Lamlungu masana titaweruka kutchalitchi, anthu anadzaza nyumba yathu kudzaonera. Amayi a komiti anakhala pa sofa, akwati pa mipando ya kukhitchini, ife ana pansi. Amalume anavala jekete, m'chilimwe. Anatseka makatani.

Choyamba, munalibe mitundu. Chitenje cha yunifomu, chimene amayi a komiti anachiitanitsa kuchokera ku Limbe ndipo anakangana miyezi itatu posankha pakati pa chobiriwira ndi chachikasu, chinatuluka chotuwa ngati phulusa. Kanema anayamba ndi malo oimika magalimoto opanda galimoto. Kenako mipando yopanda anthu. Mkwatibwi tinamuona chakumbuyo, kutali, kudzera pa chitseko chotseguka theka. Pa perekaniperekani tinaona mithunzi ya anthu ikuvina pa simenti. Keke tinaimva ikudulidwa, nthungululu zikulira, kamera ili pa chitoliro cha madzi. Apongozi aamuna a mkwatibwi, amene anauluka ulendo wonse kuchokera ku Lilongwe, anaoneka ngati kadontho pafupi ndi chipilala. Chipilalacho chinatuluka bwino kwambiri.

Ine ndinaoneka chigongono. Ndikudziwa kuti chinali changa chifukwa cha chipsera.

Kenako panabwera msuweni wanga. Anali ataima pa chitseko chagalasi cha kumbuyo kwa holo, kumapeto kwa chithunzi, atavala diresi langa lakale limene manja ake ankamuthera pamwamba. Ankayang'ana panja. Pa galasipo pankaoneka chithunzithunzi cha ife tonse tikuvina, timatupi tating'ono topanda phokoso, tikudutsa pa nkhope yake ngati utsi. Mbali ina yonse inali khoma. Sanalire, sanachite kanthu. Kamodzi anakweza dzanja n'kukhudza galasi ndi chala, n'kulibweza. Kamera sinachoke. M'nyumba mwathu, mmene anthu anali atayamba kale kung'ung'udza, munangoti zii. Mayi wina wa komiti, amene ankamudziwa bwinobwino, anafunsa monong'ona, "Kodi mwanayu ndi wa ndani?"

Ine ndinavina tsiku lonse, iye anangoima, ndipo nyumba yonse inasiya kupuma chifukwa cha iye.

Makatani atatsegulidwa kunagwa mvula ya mawu. "Achimwene, nkhope zili kuti?" "Kumudzi tikawauza kuti unali ukwati wa mipando?" Mkwatibwi analira, ndipo kulira kwake kunali ndi mitundu yonse. Amayi anga sanakweze mawu, anangoti, "Ndinakuuza." Amalume anayesa kufotokoza za madala, za mtunda, za kuwala, koma wapampando wa komiti anati madalawo akajambule ukwati wa kwawo. Pamapeto pake anagonja. Anavomera kubweza mitundu, kuchotsa chitoliro, kupempha tizidutswa ta m'mafoni a anthu n'kulumikiza. Koma pa chithunzi cha pa chitseko anakana. "Ichi chokha ayi. Kanemayo ndi ameneyu." Anati kuli bwino abwerere ku Malawi wapansi.

Anthu akubalalika, ndinaona msuweni wanga akuwatsatira amalume pa masitepe a panja pamene anakhala atavula jekete. Ndinadziwa kuti akupita kukalandira chiyamikiro, ndipo sindikanalola kuti achilandire ndisakumva. Ndinabisala kuseri kwa chitseko. Msuweni wanga anagwada pang'ono, manja pamodzi.

"Amalume, chonde, muchotse paja."

"Chifukwa chiyani, abwana? Palibe chimene ndinajambulapo choposa chimenechi."

"Amayi akaona adziwa."

Amalume anayang'ana magalimoto akudutsa mumsewu nthawi yaitali moti mwendo wanga unachita dzanzi. Munthu amene anakana komiti yonse ya amayi a tchalitchi, chinthu chimene ngakhale abusa sankayerekeza, anangoti, "Chabwino."

Anachifufuta chithunzicho usiku usanagwe. Panatsala mpata, ndipo mpatawo unafunika kutsekedwa ndi kanthu. M'mafoni onse amene anasonkhanitsa munali munthu mmodzi yemwe sankasowa. Choncho kanema amene anakwera ndege kupita ku Malawi anali ndi ine, wa mitundu yonse, pakati penipeni pa chithunzi, ndikuvina mpaka riboni kugwa. Ndinamva kuti kumudzi anabwereza malo amenewo mpaka DVD inatentha, ndipo nkhuku za aneba zinaphunzira masitepe. Izi anandiuza ndi anthu odalirika.

Azakhali anaimba foni. Anandiyamikira kuti ndine moto, kenako anafunsa kuti nanga wawo bwanji sakuoneka. Msuweni wanga analandira foni n'kuseka kuseka kwakukulu kumene sindinamumvepo chilimwe chonse. Anati anali kukhitchini kuthandiza kugawa zakudya, anati kuno n'kosangalatsa, anati wanenepa.

Ndinapambana, ndipo ndinayenda monyada mpaka sukulu kutsegulira. Koma nsanje sinandichoke, inangosintha malo. Chinthu chimene ndinachifuna ndi mtima wonse, chimene ndinachiimira pa makoma mpaka miyendo kuuma, iye anachipatsidwa osapempha, n'kuchibweza ngati chovala chothina. Ndinkagona pa bedi la pamwamba ndikumva iye akutembenuka m'munsimo, ndikudzifunsa kuti kodi azakhali akanadziwa chiyani. Ndinaganiza za holo, za chitseko, za chala pa galasi. Nditasinkhasinkha mokwanira, ndi nzeru zonse za zaka khumi, ndinapeza yankho ndipo ndinakhutira nalo: akanadziwa kuti diresilo linali langa.