Aneba Anga ndi Geji Yawo

Aneba anga, omwe amagulitsa usipa pa boma la Mangochi, ali ndi chigalimoto chakale cha matayala akuluakulu. Sindikonda kutama munthu, koma pa nkhani yosunga mafuta palibe wowaposa. Potsetsereka amazimitsa injini. Wopempha kukwera amamuyang'ana kaye pamimba. "Chilichonse cholemera chimamwa dizilo," amatero.

Tsiku loperekeza mwana wawo Shamima ku ukwati wake ku Katuli, anatsitsa jeke ndi tayala la sipeya kuti galimoto ipepuke. Tayala linaphulika m'njira. Mkwatibwi anakafika pa kabaza, ali fumbi lokhalokha, alendo atayamba kubalalika.

"Mwatichititsa manyazi, bambo a Shamima!" anakalipa akazi awo.

Iwo anayankha modekha: "Koma geji munaiona, mayi? Mafuta akadali pomwe paja."