Msana wa Amuna Anga

Amuna anga si munthu wogwirana manja pamsewu. Tikamapita ku tchalitchi amatsogola ngati sitidziwana. Ndiye chaka china mvula itadzaza njira za ku Kanyama, tinafika pa chithaphwi chachikulu pafupi ndi msika, ndipo ndinangoona amuna angawo akunyonyomala patsogolo panga.

"Kwerani kumsana, amake mwana, muzanyowa," anatero.

Kwathu kuno munthu wamkulu amaberekedwa akadwala basi. Azimayi ogulitsa tomato anafunsa ngati ndakomoka. Ine mtima unali kale kwina: wawaphunzitsa ndani zimenezi? Mwamuna sasintha popanda chifukwa, payenera kuti pali mkazi wina. Sabata yomweyo anandifunditsa jekete lawo, kenako anayamba kundifunsa ngati ndadya. Iwo aja!

Loweruka masana ndinawalondola, chitenje nditamanga zolimba, mawu olalatira mkaziyo nditakonzeratu. Analowa m'kashopu kometera tsitsi. Nditasuzumira pazenera ndinaona azibambo asanu andevu zawo ali duu pabenchi, maso pa filimu ya ku Korea. Mufilimumo mnyamata wosalala nkhope anali atabereka chibwenzi chake, ndipo amuna anga ankapukuta m'maso ndi chisoti.

Ndinabwerera kunyumba, koma mtima sunakhale pansi. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwapempha kuti andilandireko chigubu cha madzi pochokera kumpopi, osamva. Kamtsikana ka pa TV sikanawapemphe kanthu, koma amva msanga. Mpaka lero akandifunsa ngati ndadya, ndimayamba ndacheuka kuti ndione ngati akufunsa ine.