Anameta Ajenti Mbali Imodzi

Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi akazi awo, mwinanso a ku banki. Mumsewu monse ankangoti a Lumo, chifukwa anayamba kumeta anthu makina asanachuluke. Kashopu kawo kanali kachipinda kamodzi pakati pa wokonza mafoni ndi wosoka nsapato. Munali mpando wozungulira umene unasiya kalekale kuzungulira, galasi long'aluka pakona, ndi benchi ya odikira imene inkamva nkhani zambiri kuposa wailesi.

Anali munthu wa manja abwino ndi mtima wabwino, kupatula pa nkhani imodzi, ya mng'ono wawo. Mng'onoyo anamuphunzitsa okha kupalasa njinga, ndipo mpaka lero amakumbukira mmene ankaliriramo akagwa. Munthu yemweyo anayamba ndi kugulitsa misomali pa tebulo, kenako sitolo ya zomangira, kenako lole, kenako nyumba ya mpanda. A Lumo anali akadali pa lendi, imvi zitayamba kale. Choipitsitsa, mng'onoyo analibe matama. Akanakhala wodzimva, bwenzi a Lumo akudana naye mtima uli m'malo. Koma iye ankabwera kudzametetsa, n'kudikira pa benchi ngati wina aliyense, “achimwene” ali pakamwa. A Lumo ankamuchitira nsanje yoopsa, ndipo ankasowa pomugwira.

Mwana wawo woyamba atasankhidwa kupita ku koleji, mng'onoyo anati athandizeko. A Lumo anakana, nati manja ali nawo. Anayamba kutsegula shopu ngakhale Lamlungu, msana n'kumawawa, koma mwanayo anamaliza. Kuyambira pamenepo anali ndi khumbo limodzi lokha: nyumba yawoyawo, yogula ndi tsitsi la anthu, yopanda ngakhale msomali wa mng'ono wawo.

Nyumbayo inabwera ndi ajenti, kasitomala wawo wa nsapato zosongoka, mafoni awiri ndi mulu wa makiyi wolendewera pa lamba. Ajentiyo anati pali mphunzitsi wopuma ntchito amene akugulitsa nyumba kuti akamange kanyumba kakang'ono pafupi ndi mwana wake. Popita kukaiona, a Lumo anawalangiza akazi awo njira yonse: asamwetulire, asayamikire chilichonse, nkhope ikhale ngati akudwala dzino. Iwo eni anaigwira bwino ntchito yonyoza. Anagogoda makoma n'kupukusa mutu. Analoza siling'i ya pabalaza pamene panali banga la mvula, nati nyumba yodontha chonchi ndi yongopatsa munthu ulere. Koma atacheuka anapeza akazi awo ali kukhitchini, akuyeza zenera ndi mikono kuti adziwe kukula kwa katani. Ajenti naye anaona, ndipo anayamba kuyimba kamluzu.

A Lumo atatchula mtengo wawo, ajenti anaseka ngati wauzidwa nthabwala. Anati pali anthu ena akuifuna, ena mpaka akuimba foni kuchokera kunja. Zimenezo a Lumo sanazimeze, popeza mabodza a ajenti anali atawamva okha pa mpando womwe uja, akuuza ena. Anakwezako pang'ono, ajenti anatsitsako pang'ono, n'kumakokana choncho kwa milungu ingapo, mpaka a Lumo anafika pamene thumba linathera. Mpata wotsala sunali waukulu, koma sakanatha kuudumpha. Akazi awo anayesa kutchula alamu awo tsiku lina akusita. A Lumo anawayang'ana mpaka anabwezera mawuwo m'kamwa.

Ndiye m'mawa wina foni inalira. Aphunzitsi avomera mtengo wa a Lumo, chatsala ndi kusaina mapepala. Tsiku limenelo aliyense wokhala pa benchi anamva mmene munthu amakambirana ndi ajenti: osaonetsa mano, osathamanga, kumusiya aphike yekha. Wokonza mafoni anaimva nkhaniyo kudzera pakhoma mpaka anailoweza. A Lumo ankadziona kale ataima pageti, mng'ono wawo akutsika m'galimoto, iwo n'kumuuza kuti alowe asaope, galu kulibe.

Kupambana kunawakomera, ndipo anafuna kuonjezera. Ajenti atabwera kudzametetsa, atavala jekete chifukwa anali ndi anthu oti akawaonetse nyumba ina, a Lumo anamukulunga nsalu bwinobwino, n'kumeta mbali imodzi ya mutu mpaka kuyera. Kenako anazimitsa makina, nakhala pa benchi, mwendo pamwamba pa unzake.

“Akulu, malizani, anthu akundidikira,” anatero ajenti.

“Adikira. Kawauzeni aphunzitsi akonze kaye siling'i ija. Apo ayi, ine ndasintha maganizo.”

Ajenti anadziyang'ana pagalasi, mbali ina nkhalango, mbali ina bwalo. Foni imodzi inalira pansi pa nsalu, inzake n'kuyankhira. Anapempha, anaseka, anapemphanso, koma a Lumo ankangopukuta chipeso. Pamenepo mtima wa ajenti unakwera.

“Musinthe maganizo ati, akulu? Mukuganiza kuti aphunzitsi anatsitsa chifukwa choopa nkhope yanu? Mng'ono wanu anawapatsa malata ndi simenti yomangira kanyumba kawo kaja. Anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni. Ine gawo langa lachepa pamenepa, ndiye mundisiyenso ndi mutu wotere?”

Mwayi wake, pa benchi panalibe wina. A Lumo anaimirira, nayatsa makina, n'kumaliza mutuwo mosamala kuposa masiku onse. Anamusansa m'khosi, namutsegulira chitseko. Atatsala okha anakhala pa mpando wa makasitomala, chinthu chimene sankachita. Chimene chinawagwira sichinali manyazi okha ayi. Inali nsanje yomwe ija, koma tsopano yokula, poti munthu anawaposa pa malonda, anawaposa pa nyumba, ndipo lero wawaposanso pa ubale. Iwo sakanamuchitira zotere, ndipo ankadziwa.

Anatseka shopu dzuwa likadalipo, atatsimikiza kuti nyumbayo aikana. Kunyumba anapeza makatoni pabalaza ponse. Akazi awo anali atakhala pansi, akukulunga makapu m'manyuzipepala, akuyimba chapansipansi. Mayi ameneyu anali atasamuka nawo nyumba za lendi zosawerengeka, atakangana ndi eni nyumba pa nkhani za mpopi ndi chingwe choyanikira, osadandaula. Amene anakanena kwa alamu awo anali yemweyu, zinali zoonekeratu. A Lumo anatsegula pakamwa kuti afunse, koma anangofunsa ngati makatoniwo akwanira. Mawa lake anakasaina.

Mng'ono wawo anabwera kudzametetsa sabata yotsatira. Anadikira pa benchi mpaka nthawi yake itakwana, kenako anakhala pa mpando n'kuweramitsa mutu. Pakati pa mutupo tsitsi linali litayamba kuthothoka, ndipo a Lumo, Mulungu awakhululukire, anasangalala nazo pang'ono.

“Achimwene, ndamva nkhani yabwino,” anatero mng'onoyo. “Koma ajenti amene uja ndi wouma mutu. Munamutsitsa bwanji? Mundiphunzitseko.”

Anafunsa ndi nkhope yoyera, maso ali pagalasi. Pa benchi panali anthu, onse makutu ali tcheru. A Lumo akanatha kunena zikomo, mawu amodzi okha, nkhani n'kutha. Akanathanso kumukalipira, kumufunsa kuti anamutuma ndani. Zonse ziwiri zinafika pakhosi n'kubwerera.

“Iwe sungathe,” anatero. “Zimafuna munthu wolimba mtima. Suonetsa mano, suthamanga.”

Ndipo anaifotokoza nkhani yonse, kuyambira pa kugogoda makoma, osasiya kanthu. Mng'ono wawo ankagwedeza mutu mwaulemu, n'kumaseka pamene panafunika kuseka, mpaka a Lumo anamugwira chibwano n'kumuuza kuti akhale phee, angamucheke khutu. Mng'onoyo anayang'ana pansi, n'kuwasiya amalize kumumeta.