Mtedza wa m'Chipewa cha Bambo

Mwaswera bwanji nonse.

Lero pochokera kuchipatala ndi bambo, apolisi anaimitsa minibasi yathu tisanalowe pa Mponela. Mmodzi akukalipa ngati tamubera nkhuku: "Tsikani nonse, msanga!"

Paja bambo anakula nthawi ya Chitaganya, akaona yunifolomu amavula chipewa. Atangovula, mtedza wamchere uja adokotala anawaletsa unangoti mbwee pamsewu! Kani amaubisa m'chipewa.

Wapolisi uja kukamwa yasa. Kenako motsitsa mawu: "Pepani agogo, chiimireni padzuwa pano sindinalawe kanthu."

Onse awiri, iye ndi bambo, ananjuta n'kumatola, uku akutafuna, magalimoto ali ndondondo kudikira.

Abale, kani ukali wonse uja ndi njala? Nanga amayi tiwauze za chipewachi, kapena tiwasiye bambo azidyetsa boma?